Kodi ufumu wa Protista ulipodi, kapena mabuku athu adatsalira?

Funso: Ndimaphunzitsa biology pasekondale ina yoyendera ku Ntcheu. Buku lathu limagawa zamoyo m'maufumu 5, ndipo mu ufumu wa Protista muli amoeba, paramecium, euglena, kachilombo ka malungo ndi ndere. Mwana wina wa Fomu 3 adandifunsa chimene chikugwirizanitsa zonsezi, poti zina zimadya, zina zimapanga chakudya ndi dzuwa, zina ndi za selo imodzi, zina ndi zazikulu. Mphwanga amene ali kuyunivesite akuti ufumuwu udathetsedwa kalekale. Choona n'chiti, nanga anawa ndiwauze chiyani?

Yankho: Aphunzitsi, mwana ameneyo wakhudza pachilonda penipeni. Funso lakelo ndi lomwe lidagwetsa ufumu wa Protista, ndipo yankho loona ndi lakuti palibe chinthu chimene tizamoyo tonseto tili nacho chimene zamoyo zina zilibe. Mphwanu sakunama. Dzina lakuti protist akatswiri akulitchulabe tsiku ndi tsiku, ndipo ali ndi bungwe lawo, International Society of Protistologists. Chimene adasiya ndi kuwerengera gululi ngati mbumba imodzi.

Tanthauzo limene amagwiritsa ntchito lero ndi ili: protist ndi chamoyo chilichonse chimene maselo ake ali ndi nucleus, koma si nyama, si chomera, si bowa. Mukuona kuti likungotchula zimene chinthucho sichili. Zili ngati pabwalo mfumu inene kuti a Banda akhale apa, a Phiri apo, a Mwale uko, otsala nonse pansi pa mtengo. Apansi pa mtengowo akhoza kuchuluka kuposa ena onse, koma sikuti ndi apachibale. Wina mwa iwo ndi msuweni weniweni wa a Phiri, pamene mnzake amene wakhala naye moyandikana sakumudziwa n'komwe.

Vutoli ndi lakale. Carl Linnaeus mu 1735 adagawa zamoyo pawiri, zomera ndi nyama, chonsecho zaka pafupifupi 60 m'mbuyomo, mu 1674, wogulitsa nsalu wina wa ku Delft, Antonie van Leeuwenhoek, adali ataona kale tinthu tikusambira m'dontho la madzi a m'nyanja. Mu 1681 mkuluyu atatsegula m'mimba adayang'ananso chimbudzi chake chomwe, n'kuonamo kanthu kamene lero tikukhulupirira kuti kadali Giardia, kachilombo kotsegula m'mimba. Tinthu timeneti tidakana kulowa m'magulu awiri aja. John Hogg mu 1860 adati tipatsidwe ufumu wawo, Protoctista, ndipo Ernst Haeckel mu 1866 adautcha Protista, ataikamo ndi mabakiteriya omwe. Herbert Copeland adatulutsamo mabakiteriya mu 1938. Maufumu 5 amene ali m'buku lanu ndi a Robert Whittaker, a mu 1969. Iyeyu adali katswiri wa zachilengedwe, choncho adayang'ana kwambiri kadyedwe: zomera zimapanga chakudya, bowa amayamwa, nyama zimameza. Pambuyo pake Lynn Margulis adakulitsa ufumu wa otsalawo n'kuikamo ndere zikuluzikulu za m'nyanja zamchere. N'chifukwa chake mabuku ena amalemba Protista, ena Protoctista, ndipo sagwirizana pamene ndere ziyenera kukhala.

Tisanapite patali, ndi bwino ana aone chimene selo imodzi imatha kuchita, chifukwa ambiri amaganiza kuti kanthu ka selo imodzi ndi kachabechabe. Paramecium kutalika kwake ndi mamilimita pafupifupi 0.2. Thupi lonse lakutidwa ndi timaubweya totchedwa cilia timene timapalasa madzi motsatizana, ndipo kamapita kutsogolo kakudzipota. Kakagunda chinthu kamabwerera m'mbuyo pang'ono, kukhota, n'kuyesanso kwina. Chammbali kali ndi kangalande kokokera mabakiteriya m'kati, ndipo chakudyacho chimakulungidwa m'kathumba kamene kamayendayenda m'selomo mpaka chitagayika. Popeza kamakhala m'madzi opanda mchere, madzi amangolowa m'thupi mwake osalekeza, choncho kali ndi timatumba tiwiri, kena kutsogolo kena kumbuyo, timene timadzaza, kufinya, kudzazanso. Mukathira kamchere pang'ono chabe m'dontholo, kufinyako kumachepa. Ndilo phunziro la osmosis limenelo, lochita kuoneka ndi maso. Kalinso ndi ma nucleus a mitundu iwiri, yaikulu yoyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku, ndi yaing'ono imene tiwiri timasinthana tikagundana mbali. Ntchito ya m'kamwa, ya m'mimba, ya impso ndi ya miyendo, yonse ikugwiridwa ndi selo imodzi.

Akatswiri akale analibe pogwira pena koma maonekedwe ndi kayendedwe. Zoyenda mosefukira adaziika pamodzi ngati amoeba, za kamchira kotchedwa flagellum pamodzi, za cilia pamodzi, ndipo tizilombo tokhala m'maselo a zamoyo zina adatitcha Sporozoa. Pamwamba pake adaika magulu atatu amene ana amaloweza: zonga nyama, zonga zomera, zonga bowa. Maikulosikopu a electron atabwera, kenaka luso loyerekeza RNA ndi DNA limene Carl Woese adalitchukitsa mu 1977, zidapezeka kuti maonekedwe amanama. Gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Sina Adl lidasindikiza kagawidwe katsopano mu 2005, n'kukakonzanso mu 2012 ndi mu 2019. M'kagawidwe kameneka nyama, zomera ndi bowa ndi timphanda titatu chabe pa mtengo wa nthambi zambiri, ndipo zina zonse ndi zimene tinkazitcha Protista. Kholo la ma protist onse ndi lomwenso lidabala inu ndi ine, chimanga ndi bowa. Simungajambule mzere wozungulira ma protist onse osatizunguliranso ife.

Nthambi yathu imatchedwa Opisthokonta. Muli nyama, muli bowa, mulinso tizamoyo ta m'madzi totchedwa choanoflagellates, ta selo imodzi yokhala ndi kamchira kozunguliridwa ndi kakolala. Henry James-Clark adaona kale m'zaka za m'ma 1860 kuti timafanana ndi maselo a m'kati mwa siponji ya m'nyanja, ndipo DNA idatsimikiza kuti ndi abale a nyama a pafupi kuposa china chilichonse. Ndiye kuti choanoflagellate ali pafupi ndi mwana wanu wa Fomu 3 uja kuposa mmene alili ndi paramecium, ngakhale buku likuwaika m'ufumu umodzi. Pafupi ndi nthambi imeneyi pali Amoebozoa, mmene muli amoeba wa m'buku, Entamoeba histolytica woyambitsa kamwazi, ndi ma slime mould amene kale ankawayesa bowa. Koma si amoeba aliyense ali mmenemo. Kuyenda mosefukira kudabadwa kangapo m'nthambi zosiyana. Naegleria fowleri, amoeba wa m'madzi ofunda amene amalowa m'mphuno n'kukafika ku ubongo, ali mbali ya euglena.

Nthambi ya zomera ndi Archaeplastida. Spirogyra, ndere yoterera ija ya m'madambo ndi m'ngalande, ili m'kagulu kamene DNA ikusonyeza kuti ndi ka pafupi kwambiri ndi zomera zapamtunda. Dziwaninso kuti zina zimene timazitcha ndere, makamaka zobiriwira modera zoyandama pamadzi oima, ndi cyanobacteria, mabakiteriya enieni, osati ma protist.

Mwana wanu adadabwa kuti zina zimadya pamene zina zimapanga chakudya ndi dzuwa. Apa ndi pamene pagona nkhani. Margulis mu 1967 adalimbikira ganizo limene ambiri nthawi imeneyo ankaliseka, lakuti mitochondria ndi chloroplast kale adali mabakiteriya odziimira paokha amene adamezedwa ndi selo ina koma osagayika. Lero palibe wotsutsa: ali ndi DNA yawoyawo, amagawikana okha, ndipo ma ribosome awo ndi a mtundu wa mabakiteriya. Zaka zoposa 1 biliyoni zapitazo selo ina idameza cyanobacterium, ndipo mmenemo ndimo mudachokera ndere zofiira, ndere zobiriwira ndi zomera. Kenaka zidachitikanso kachiwiri: maselo ena odya anzawo adameza ndere yathunthu n'kusunga chloroplast yake. Umboni wake ndi kuwerenga zikopa. Chloroplast ya chimanga yakutidwa ndi zikopa 2, ya euglena 3, ya diatom (ndere ya selo imodzi) 4. Choncho kubiriwira sikusonyeza ubale, popeza chloroplast ndi katundu amene wasinthana manja kangapo, ndipo ena adamulandira n'kumutayanso.

Chitsanzo chimene ine ndimachikonda kuposa zonse ndi kachilombo ka malungo. Plasmodium ali m'nthambi yaikulu yotchedwa SAR, m'kagulu ka Alveolata, pamodzi ndi paramecium ndi ma dinoflagellate a m'nyanja zamchere. Chowagwirizanitsa ndi timatumba tophwatalala tokhala pansi penipeni pa chikopa cha selo, tosaoneka pa maikulosikopu a kusukulu. Alphonse Laveran adaona kachilomboka m'magazi a wodwala ku Constantine, m'dziko la Algeria, mu 1880, ndipo Ronald Ross adakapeza m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897. Ulendo wake mumauphunzitsa kale: udzudzu waukazi wa Anopheles umalavulira tizilomboto m'thupi, timapita kuchiwindi, pakatha pafupifupi sabata selo imodzi ya chiwindi imatulutsa masauzande, timalowa m'maselo ofiira a magazi, ndipo Plasmodium falciparum, amene ndiye wofala kwathu kuno, amaphulitsa maselowo pa maola 48 alionse. Chimene mabuku a kusekondale sanena ndi chakuti mu 1996 kudatsimikizika kuti m'kati mwa kachilomboka muli kathumba ka zikopa 4 kokhala ndi DNA yakeyake, kotchedwa apicoplast. Kameneka ndi chloroplast yakale ya ndere yofiira. Sikabiriwira ndipo sikagwiranso dzuwa, koma kamapanga zinthu zina zimene kachilomboka sikangakhale ndi moyo popanda izo. Makolo a kachilombo ka malungo ankapanga chakudya ndi dzuwa. Mu 2008 kudalengezedwa za Chromera velia, wachibale wake amene adapezeka m'makorali a ku Australia, amene mpaka lero akugwirabe dzuwa. Nanga muika kuti Plasmodium, kwa zonga nyama kapena kwa zonga zomera?

Izi sizongosangalatsa m'kalasi. Popeza apicoplast idachokera ku bakiteriya, mankhwala ena opha mabakiteriya, monga doxycycline ndi clindamycin, amaigunda. Koma amapha mochedwa: tizilombo timene talandira mankhwalawo timakulabe n'kubereka, amene amafa ndi ana awo. N'chifukwa chake doxycycline amapatsidwa kwa alendo ngati wodzitetezera, koma wodwala malungo sangamudalire payekha. Ameneyo afunika LA. M'kagulu komweka muli Theileria parva, woyambitsa chigodola cha ng'ombe kudzera mwa nkhupakupa, Eimeria wotsegula m'mimba nkhuku mpaka zitosi za magazi, Toxoplasma wa amphaka, ndi Cryptosporidium amene timazira take sitifa msanga ndi klorini, kotero kuti madzi okayikitsa a mwana wakhanda kapena a munthu wa chitetezo chochepa ndi bwino kuwiritsa.

Poti muli ku Ntcheu, chitsanzo china chili m'minda ya makolo a ana anuwo. Chiwawu chimene chimapsereza masamba a kachewere ndi tomato kukakhala chinyezi ndi nkhungu chimayamba ndi Phytophthora infestans, yemweyo amene adaononga kachewere ku Ireland kuyambira mu 1845, anthu pafupifupi 1 miliyoni n'kufa ndi njala. Mukatembenuza tsamba lodwala mmamawa mudzaona kaubweya koyera m'mphepete mwa banga. Aliyense angati ndi chuku, ndipo akatswiri kwa zaka zambiri ankatero. Koma khoma la selo zake lili ndi cellulose pamene la bowa ndi la chitin, ndipo kukanyowa amatulutsa timbewu ta timichira tiwiri tosambira m'madzi a pa tsamba. Kamchira kamodzi ndi ka ubweya, ndipo kameneko ndi chizindikiro cha Stramenopiles, kagulu kachiwiri ka nthambi ya SAR ija. Abale ake ndi ma diatom ndi kelp, ndere yofiirira ya m'nyanja zamchere imene imatalika kupitirira mamita 40. N'chifukwa chake mankhwala ena opha bowa sachita kanthu pa chiwawu chimenechi, pamene metalaxyl, amene ali mu Ridomil, amalimbana ndi gulu limeneli makamaka. Zilonda za nsomba zimene zidabuka ku Mchinji mu 2020 nazonso zimayamba ndi wa m'gulu lomweli, Aphanomyces invadans.

Ma diatomwo ndi a selo imodzi yokhala m'kachigoba ka silica, chinthu chomwe chili mu mchenga ndi galasi, ka zigamba ziwiri zovundikirana. Akuti amagwira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a ntchito yonse ya photosynthesis padziko lapansi. M'nyanja ya Malawi ndi chakudya cha chambo ndi cha tizilombo ta m'madzi timene usipa umadya, ndipo zigoba zawo zounjikana m'matope a pansi pa nyanja ndi zimene akatswiri amawerenga pofuna kudziwa mmene madzi ankakwerera ndi kuphwera kalelo. Kagulu kachitatu ka SAR, Rhizaria, ndingokadutsa: muli ma foraminifera, a zigoba za laimu, amene zigoba zawo zikuoneka m'miyala ya mapiramidi a ku Giza.

Euglena ndi amene mabuku amakonda kumuonetsa ngati theka nyama theka chomera. Si theka la chilichonse. Makolo ake ankadya mabakiteriya, kenaka adameza ndere yobiriwira. Euglena gracilis mukamuthira streptomycin amataya kubiriwira kwake osabwereranso, koma amakhalabe ndi moyo poyamwa chakudya cha m'madzi. Wachibale wake wa pafupi ndi Trypanosoma, kachilombo ka kaodzera kamene kashembe amafalitsa m'madera ozungulira nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza ku Rumphi. David Bruce adakapeza m'ng'ombe ku Zululand mu 1895, ndipo mtundu wodwalitsa anthu kuno, Trypanosoma brucei rhodesiense, udafotokozedwa mu 1910 kuchokera kwa munthu amene adadwalira ku chigwa cha Luangwa. Kachilomboka kamasambira poyera m'magazi, osabisala m'selo monga amachitira Plasmodium. Kamavala chovala cha puloteni ya mtundu umodzi thupi lonse. Chitetezo cha m'thupi chikangochizindikira n'kuyamba kupha, toŵerengeka timakhala titasintha kale chovala, popeza kali ndi majini mazanamazana a zovala zoterezi. Ndiye wodwala amatentha thupi, kupezako bwino, kutenthanso, ndipo ichi ndi chifukwa chachikulu chimene katemera wake palibe mpaka pano.

Akatswiri nawo adaphonyapo. Giardia ndi Trichomonas vaginalis, kachilombo kopatsirana pogonana, alibe mitochondria yooneka, choncho m'zaka za m'ma 1980 ankaganiziridwa kuti ndi zotsalira za nthawi imene mitochondria idali isanabwere. Pambuyo pake zidapezeka kuti ali ndi timabwinja take. Adali nayo, idafota chifukwa chokhala malo opanda oxygen. Kakhalidwe kopanda oxygen kameneka ndi kamene kamachititsa kuti metronidazole, Flagyl uja, agwire ntchito pa iwo ndi pa Entamoeba. Pneumocystis, woyambitsa chibayo mwa anthu amene ali ndi HIV, adakhala m'gulu la ma protozoa, ma protist onga nyama aja, mpaka mu 1988 pamene RNA yake idaulula kuti ndi bowa. Ngakhale lero nthambi zina zikusunthidwabe. Excavata, mmene euglena ndi Giardia ankakhalira limodzi, ambiri adaigawa pawiri. Chifukwa cha ichi sindikulangizani kuti ana aloweze mayina a nthambi zatsopanozi. Akhoza kusintha iwo asanafike kuyunivesite.

Za mayeso, musazunguzike. MANEB imachonga motsatira silabasi, ndiye ngati silabasi ikuti maufumu 5, aphunzitseni maufumu 5, ndipo pamayeso alembe zimenezo: maselo okhala ndi nucleus, ambiri a selo imodzi, okhala m'madzi, m'malo achinyezi kapena m'matupi a zamoyo zina, ena odya, ena opanga chakudya. Zonsezi ndi zoona, bola mawu akuti "ambiri" ndi "ena" asasowemo. Chimene ndimadana nacho ndi kuuza ana kuti ma protist ndi zamoyo zotsalira kapena zosakhwima. Plasmodium wakhala akusintha kwa zaka zofanana ndi zathu, ndipo adagonjetsa chloroquine mpaka Malawi adamusiya mu 1993. Mukatha kuphunzitsa za m'bukuzo, tengani mphindi 10 muwauze kuti ufumu umenewu ndi wa otsala, muwapatse zitsanzo ziwiri zokha, malungo ndi chiwawu, ndipo mumutchule mwana uja kuti ndiye adazindikira.

Ngati pasukulu pali maikulosikopu ngakhale imodzi, tengani udzu wouma wodzaza dzanja, muuike m'botolo la kukamwa kwakukulu, muthire madzi a padambo, osati a pampopi a klorini, ndipo musatseke. Pakatha sabata pamwamba padzakhala kachikopa konunkha ka mabakiteriya. Dontho mutenge pansi penipeni pa kachikopako, pafupi ndi udzu. Ikani timaulusi ta thonje pang'ono pa slide musanavundikire kuti tizamoyoto tizikodwa, chifukwa paramecium amathamanga moti mwana sangamuone. Yambani ndi x40, kenaka x100, ndipo muchepetse kuwala, popeza amoeba ndi woonekera mkati ndipo pa kuwala kwambiri amasowa. Botololo mulisunge masabata atatu, ana aziyang'ana Lolemba lililonse n'kujambula zimene aona. Nthawi zambiri ta timichira ting'onoting'ono ndi timene timayamba kuchuluka, kenaka ta cilia, amoeba amabwera pambuyo. Akamaliza asambe m'manja ndi sopo.